Lendi ya Pakamwa m'Chigwa cha Domasi

Mwezi ukamafika kumapeto, m'chigwa cha Domasi mumamveka kugogoda kumene makolo a kuno sadakudziwe, kugogoda kwa mwininyumba amene wadzera ndalama za lendi. Kale nkhani yotere idali ya ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chinamwali. Lero yafika pa Songani, pa Domasi, pa Malosa ndi m'midzi yotsamira msewu waukulu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde. Kuseri kwa magolosale ndi zigayo kwamera midadada ya zipinda, ina ya njerwa zootcha, ina ya zidina zopaka laimu kumaso kokha, ndipo m'zipindamo mumagona aphunzitsi, ophunzira a ku koleji, anamwino, ndi anyamata ndi atsikana amene angomaliza Fomu 4 nayamba ganyu kapena kabizinesi kakang'ono.

Sizodabwitsa kuti alendo achuluka chotere, pakuti Domasi ndi dera la sukulu kuyambira kalekale. Amishoni a mpingo wa Church of Scotland adatsegula malo awo kuno m'chaka cha 1884. M'chaka cha 1929 boma la atsamunda lidatsegula sukulu ya Jeanes, kumene mphunzitsi ankabwera kudzaphunzira pamodzi ndi mkazi wake, ndipo banjalo linkapatsidwa nyumba m'mudzi wachitsanzo kuti likabwerera kwawo likaonetse ena kamangidwe ka nyumba yaukhondo. Anthu a nthawi imeneyo, ngakhale adali ndi zolakwa zawo zambiri, ankadziwa kuti mphunzitsi ndi nyumba yake sizilekana. Pambuyo pake padabwera bungwe la Malawi Institute of Education, limene lidayamba ntchito zake mu 1982, ndipo mu 1993 koleji ya Domasi idayamba kusula aphunzitsi a kusekondale. Chaka chotsatira, 1994, maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ana adakhamukira m'makalasi, aphunzitsi zikwizikwi adalembedwa ntchito mwachangu, koma nyumba za pasukulu sizidamangidwe molingana ndi chiwerengero chawo. Masukulu a sekondale oyendera a m'madera, amene adabadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ambiri adayamba ndi nyumba ya mphunzitsi wamkulu yokha, ena opanda ndi imodzi yomwe. Otsalawo ankagona kuti? Ankafuna lendi, ndipo akuifunabe.

Chomwecho lendi ya m'tauni yalowa m'dera limene moyo wake ukadali wa kumudzi, kumene mawu a munthu ndiwo chikole chake. Wofuna nyumba amapita ndi mnzake womulondolera, amakhala pamkeka, amalonjerana ndi eni khomo, amamva mtengo, amapereka ndalama za miyezi iwiri kapena itatu m'manja, nalandira kiyi. Palibe cholembedwa. Palibe ngakhale lisiti. Onse amasiyana akumwetulira, mwininyumba nkumati, “Aphunzitsi, khalani momasuka, pano ndi panu.” Mawuwa ndi okoma, ndipo kawirikawiri amachokera pansi pa mtima. Koma m'mawu okoma omwewa ndimo mumayambira mikangano yambiri ya lendi, chifukwa pangano limene malire ake ali m'kamwa mwa munthu mmodzi limakula kapena kuchepa malinga ndi momwe munthuyo wadzukira tsiku limenelo.

Anthu a chigawo chino safunika kuphunzitsidwa kuopsa kwa lendi yopanda malire, pakuti adaionapo m'mbiri yawo. Mawu oti thangata poyamba ankatanthauza chinthu chabwino, kuthandizana pantchito monga achitira anthu a mudzi umodzi. Azungu atatenga minda ikuluikulu m'mapiri a Shire, mawu omwewo adasanduka dzina la ntchito imene munthu wokhala pamalo a mzungu ankagwira m'malo mwa lendi. Ku Magomero, m'malire a Zomba ndi Chiradzulu, pa esiteti ya A. L. Bruce, anthu ambiri, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, ankauzidwa kuti agwire mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho. Koma wowerenga masikuwo adali mwini munda ndi akapitawo ake, kotero kuti miyezi iwiri inkatha kutalika kufikira munthu atalephera kulima munda wake womwe. Wodandaula ankauzidwa kuti asamuke. Kuwawa kumeneku kudali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe ndi anthu ake adaukira mu Januwale 1915, pamene William Jervis Livingstone, woyang'anira mundawo, adaphedwa. Lamulo la 1928 lidayesa kuika muyeso, kuti munthu athe kulipira lendi ndi ndalama, mbewu kapena ntchito yodziwika kuchuluka kwake, koma thangata adathetsedwa ndi lamulo la 1962.

Kungakhale kupanda chilungamo kufanizira mayi wa pa Songani amene ali ndi zipinda zitatu ndi mwini esiteti wa nthawi ya atsamunda. Mphamvu zawo nzosiyana kutalitali. Komabe nthenda ya pangano lawo ndi imodzi: wokhala pamalopo sadziwa pamene ngongole yake ithera. Mphunzitsi amene adagwirizana zolipira ndalama zokha amadzazindikira kuti madzulo alionse ana anayi a pakhomopo akumudikira ndi makope, ndipo sangawabweze chifukwa ndi ana a alandilodi. Njinga yake ndiyo yopitira kuchigayo. Foni yake ndiyo yoimbira achibale a ku Joni. Mwezi ukakhala pakati amapemphedwa kuti aperekeretu lendi ya mwezi wamawa poti pagwa vuto, koma mwezi wamawawo ukafika palibe amene akumbukira. Chilichonse mwa izi pachokha nchaching'ono, ndipo munthu woleredwa bwino angachichite mokondwa. Kusiyana kwake nkwakuti chimene achita mokondwa angathenso kuchikana, pamene ichi sangachikane, poopa kumva mawu aja akuti, “Nyumbayi pali mphwanga akufuna kudzakhalamo.”

Pali mtundu wina wa lendi yosalembedwa umene anthu sakonda kuutchula. Atsikana ambiri a sukulu zoyendera amene kwawo nkutali amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu nkumadziphikira okha. Makolo akachedwa kutumiza ndalama, mtsikanayo amatsala yekha pamaso pa mwamuna amene ali ndi kiyi wina wa chitseko chake. Eni nyumba ambiri ndi anthu aulemu amene amasamala ana otere ngati awo. Koma alipo ena amene amati ngongole ingathe kukambidwa mwa njira ina, ndipo mwana amene alibe pepala, alibe mboni, alibe wamkulu amene adamuperekeza tsiku lolowa, sadziwa kumene angakadandaule. Kholo limene lisiya mwana wamkazi m'chipinda cha lendi osaonana maso ndi maso ndi mwininyumba, osadziwitsa mphunzitsi wamkulu ndi amfumu a pamalopo, lataya udindo wake, ngakhale litalipira fizi yonse.

Funso lina limene alendo ochokera kutali saliganizira ndi lakuti, kodi nyumbayi mwini wake weniweni ndani? M'dera la Mfumu Malemia, monga m'madera ambiri a Ayao, Amang'anja ndi Alomwe, malo amayenda motsata mbumba. Mwamuna amakakhala kwa mkazi. Angathe kuumba njerwa, kugula malata ndi kumanga mdadada ndi ndalama zake, koma dothi limene mdadadawo waimapo ndi la akuchikazi. Akale adati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Banja likatha, kapena bamboyo akamwalira, wa lendi amadzuka m'mawa napeza anthu awiri kapena atatu aliyense akuti ndalama zizipita kwa iye: mayi wa pakhomo, mlongo wake wa mayiyo amene ndi mwini mbumba, ndi mwana wa malemu amene wachokera ku Blantyre. Akapereka kwa mmodzi, winayo amati sadalandire kanthu. Mphunzitsi wochokera ku Mzimba kapena ku Karonga, kumene mwambo ndi wa kuchimuna, amagwa m'mbuna imeneyi mosavuta, chifukwa kwa iye bambo amene adamupatsa kiyi ndiye mwini zonse. Safunsa adadya phula. Kufunsa kwake nkosavuta: apite kwa nyakwawa kapena kwa anthu oyandikana nawo, amve kuti malowo ndi a yani, ndipo pangano lilembedwe m'dzina la munthu amene abale onse akumuvomereza.

Tsono mwininyumba nayenso ali ndi mlandu wake wofunika kuumva, ndipo amene amangomutcha wadyera sadakhalepo pansi kuwerengera. Ambiri mwa eni midadada ya m'chigwa muno si anthu olemera. Ndi aphunzitsi opuma amene adathira ndalama zawo zonse za penshoni m'njerwa ndi simenti, ndi amayi amasiye amene zipinda ziwirizo ndizo munda wawo, ndi mabanja amene mwana wawo ali ku South Africa adatumiza ndalama za malata pang'onopang'ono. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Thumba la simenti, lata, msomali ndi loko zidakwera pamodzi ndi feteleza ndi sopo. Mwininyumba amene sakweza lendi kwa zaka zitatu amakhala akudya nyumba yake yomwe, pakuti denga likadzadontha sadzapeza chokonzera. Ndipo alipo a lendi amene khalidwe lawo nlochititsa manyazi: osamuka usiku ndi ngongole ya miyezi inayi, osiya galasi losweka ndi khoma lakuda ndi utsi wa mbaula, olowa ngati munthu mmodzi kenaka nkuitana abale asanu kudzadzaza chimbudzi chimene chidakumbidwira anthu ochepa. Nzomvetsa chisoni kuti ena mwa iwo ndi anthu ophunzira, amene m'mawa mwake amaima patsogolo pa kalasi kuphunzitsa za kukhulupirika.

Mphunzitsi watsopano ali ndi vuto lakelake. Si zachilendo kuti munthu ayambe ntchito koma dzina lake nkutenga miyezi lisanalowe m'ndondomeko ya malipiro, ndiponso malipiro a amene adalowa kale nthawi zina amachedwa. Mwininyumba amene sadauzidwe zimenezi poyamba amayesa kuti akunamizidwa, ndipo pamenepo ndi pamene ena amazula chitseko, amakhoma loko wachiwiri, kapena kugwira matiresi ndi mapoto ngati chikole. Kuchita zotere ndi kudziweruzira mlandu wekha, pamene amfumu alipo ndipo bwalo la majisitireti lilipo. Koma wa lendi amene apita kukadandaula amafunsidwa funso limodzi lomwelo kulikonse: mudagwirizana zotani, ndipo umboni wake uli kuti? Apa onse awiri amangolozana zala, wina akuti miyezi iwiri, wina akuti inayi, ndipo woweruza amatsala nkuyeza nkhope zawo.

Mankhwala ake si odula, ndipo safuna loya. Pepala limodzi lothothola m'kope likwanira, lolembedwa m'Chichewa chomveka, kapena m'Chiyao ngati ndicho chimene mwininyumba amamva bwino. Lilembedwe kawiri, aliyense asunge lake, ndipo masiku ano nkwanzeru kulijambulanso pa foni poti mapepala amadyedwa ndi chiswe. Litchule maina a anthu awiriwo, chipinda chimene akunena, mtengo wa pamwezi, ndi tsiku lolipira. Tsikuli lisankhidwe mwanzeru. Wolandira malipiro a boma asalonjeze tsiku loyamba la mwezi pofuna kuoneka wolongosoka. Anene zoona, apemphe masiku angapo owonjezera, ndipo masikuwo alembedwe. Ndalama zoperekeratu zilembedwe kuti ndi za chiyani, pakuti pamenepa pamabuka mkangano waukulu: wa lendi amaziyesa lendi ya miyezi yakutsogolo, mwininyumba amaziyesa dipoziti yokonzera zowonongeka, ndipo kusiyana maganizoku kumadzaululika tsiku losamuka, katundu ali kale pa ngolo.

Pepalalo linenenso kuti lendi ingakwere pakapita nthawi yotani, ndipo wa lendi adziwitsidwe kukadali masiku angati. Palibe munthu wanzeru amene angaumirire kuti mtengo usadzasinthe mpaka muyaya pamene kwacha ikusungunuka, koma kukweza lendi pa 28 kuti iyambe pa 1 ndi nkhanza. Chimodzimodzi za kusamuka: mwezi wathunthu wa chidziwitso, mbali zonse ziwiri. Kwa mphunzitsi ndi wophunzira nkofunika kupempha kuti, ngati palibe mlandu wa ngongole, asachotsedwe pakati pa teremu. Mwana wa Fomu 4 amene akusakasaka chipinda sabata ya mayeso a MSCE walephera kale pepala limodzi asanalowe m'chipinda cholembera.

Madzi ndi magetsi ndizo zimadanitsa anthu a mdadada umodzi kuposa china chilichonse. Mita imakhala imodzi, mabanja asanu. Wina ali ndi babu limodzi ndi tchaja ya foni, wina ali ndi mbaula ya magetsi, ayironi ndi firiji yogulitsira mafirizesi, koma mayunitsi akatha onse amasonkha mofanana. Kumene kuli mpopi, bilu imabwera m'dzina la mwininyumba, a lendi amasonkha, koma palibe amene amaona lisiti kufikira tsiku limene madzi adulidwa. Izi zikambidwe tsiku loyamba, pamene nkhope zikadali zowala. Likambidwenso funso lakuti denga likadontha kapena chimbudzi chikadzaza akonze ndani, ndipo ngati wa lendi wakonza ndi ndalama zake, kodi zichotsedwa pa lendi? Ambiri apaka penti, atsira simenti pansi, aika mawaya a udzudzu m'mawindo, kenaka mwininyumba poona kuti nyumba yakongola waikweza mtengo, kapena waipereka kwa wina wolipira zambiri.

Za chimbudzi ziyenera kunenedwa mosabisa, ngakhale ena aziona ngati zosayenera m'nyuzipepala. Wofuna nyumba amayang'ana chipinda, nayesa loko, nasangalala ndi kuyandikira kwa msewu, koma amachita manyazi kupempha kuti aone kuseri. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matendawa amakonda malo othithikana kumene chimbudzi chili pafupi ndi chitsime. Chigwa cha Domasi chimalandira ena mwa madzi otsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa popita ku nyanja ya Chilwa. Nyumba imene ioneka youma mu Seputembala ingathe kukhala dambo mu Febuluwale. Amene adaona mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa zimene madzi amachita ndi khoma la zidina lopanda maziko a njerwa zootcha. Munthu ayang'ane m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa chinyontho, ayang'ane kudenga masana ngati kukulowa kuwala m'mabowo a misomali, ndipo afunse amene akukhala kale pamdadadapo, mwininyumba atapita. Iwo ndiwo amanena zoona.

Ena adzati kupempha pepala kwa munthu wamkulu ndi chipongwe, ndi kumuuza kuti sakhulupirika. Mawuwa ali ndi kulemera kwake, pakuti ulemu si chinthu chotaya. Mnyamata wa zaka 22 amene atulutsa cholembera pamaso pa gogo wa zaka 70 ngati wapolisi wolemba sitetimenti adzabwezedwa, ndipo adzakhala atadziputira yekha. Koma pali kanenedwe kake. Angathe kunena kuti, “Amayi, ine ndine mwana, ndimaiwala, tilembe kuti ndisadzakulakwireni.” Palibe kholo limene lingakwiye ndi mawu otere. Ndiponso anthu omwewa amene akuti pepala ndi lachilendo amalemba ndalama za chipepeso pa maliro dzina ndi dzina, amalemba mabuku a banki m'khonde, amalemba zopereka za kumpingo ndi kumzikiti. Pa chinkhoswe pamakhala ankhoswe a mbali zonse ziwiri, osati chifukwa choti akwati akukayikirana, koma chifukwa makolo ankadziwa kuti tsiku la mkangano limafuna munthu amene adamva zimene zidanenedwa tsiku la chimwemwe. Mboni ya pa lendi ndi nkhoswe yomweyo. Mwininyumba woona mtima amapindula ndi pepala kuposa wina aliyense, chifukwa ndilo lidzamuimirira pamene wa lendi wathawa. Amene amalikana kwamtuwagalu, ngakhale atapemphedwa mwaulemu, waulula kale mtundu wa chaka chimene wa lendiyo adzakhale nacho pakhomopo.

Pomwe lendi yachuluka pamabweranso madobadoba, anyamata amene amati akudziwa nyumba yopanda munthu ndipo amafuna ndalama asanaionetse. Ku Chikanda, kumene ophunzira ambiri a pa yunivesite ku Chirunga amachita lendi, ntchito imeneyi idakhazikika kale, ndipo ikutsata msewu kubwera kuno. Ena mwa iwo amathandizadi. Koma ndalama ya nyumba isaperekedwe kwa munthu amene si mwini nyumbayo, ndipo isatumizidwe pa foni kwa munthu amene wangotumiza chithunzi cha chipinda. Wotumiza lendi pa Airtel Money kapena Mpamba kwa mwininyumba weniweni asafafanize uthenga wotsimikiza, pakuti umenewo ndi lisiti lake. Wolipira m'manja agule kope laling'ono, ndipo mwezi ndi mwezi wolandira asayine kapena adinde chala.

Sukulu nazo zisaime patali ngati kuti nkhaniyi siikuzikhudza. Mphunzitsi amene wagona akuganiza za loko wa pachitseko chake saphunzitsa bwino m'mawa, ndipo amene wasowa nyumba pafupi amakachita lendi ku Matawale kapena ku Chinamwali, nkumathera gawo lalikulu la malipiro ake pa minibasi, nkumafika belu litalira kale. Aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu amawadziwa eni nyumba onse a m'dera lawo, abwino ndi ovuta omwe. Angathe kusunga maina a nyumba zoyenera, kuperekeza mphunzitsi watsopano kapena mwana wodziphikira tsiku lokaona chipinda, ndi kusayina ngati mboni. Mphunzitsi wa Chichewa amene amaphunzitsa kalembedwe ka kalata ya ntchito angathe kupatula phunziro limodzi la Fomu 4 kuti ana alembe pangano la lendi, wina akhale mwininyumba, wina wofuna chipinda, ena awiri mboni. Ambiri mwa anawo adzalifuna pepala limeneli chaka chisanathe, ena ku Zomba, ena ku Lilongwe, ena m'zipinda za kuseri kwa nyumba za eni ku Johannesburg, kalata yofunsira ntchito ija isanayankhidwe nkomwe.